Singano, Dongo ndi Galu Wokalamba: Mau a Amayi Amasiye pa Tsiku la Chikondwerero



Tikuthokoza a komiti yokonza chikondwererochi potipatsa danga loti nafenso tiikepo mlomo. Woima panoyu ndi mmodzi, koma mau ake ndi a anthu asanu ndi aŵiri, amayi amasiye amene timakumana Lachitatu lililonse masana pakhonde la kuseri kwa tchalitchi chino. Tinakhala pansi katatu kupangana zoti tinene lero, ndipo tinamvana kuti tisatchule dzina la munthu aliyense. Amene mumatidziŵa muzindikira nokha kuti apa akunena uje, koma chonde mukazindikira musacheuke kumuyang'ana.

Inu amayi a Mvano maliro mumadziŵa kuŵagwira. Uthenga ukangomveka mumafika usiku womwewo, mumagona nafe m'nyumba ya siwa, mumaimba mpaka tambala kulira, mumatunga madzi ndi kuphikira khamu lonse. Pa zimenezi palibe mmodzi wa ife amene ali ndi dandaulo. Koma maliro amatha. Abale ochokera kutali amakwera basi, mphasa ndi miphika yobwereka zimabwerera kwa eni ake, ndipo limafika tsiku limene timadzuka m'maŵa n'kupeza nyumba ili zii. Nkhani yathu ikuyambira pa tsiku limenelo, pakuti za tsiku limenelo sitikambirana kaŵirikaŵiri.

Tinkadziŵa kuti mtima udzaŵaŵa. Chimene sitinkadziŵa n'chakuti manja naonso amaferedwa. Tonse asanu ndi aŵirife tinali anthu a ntchito za luso. Wina ankasoka mayunifolomu a ana a sukulu ndi madiresi a ukwati pa makina a Singer opalasa ndi phazi. Wina anaphunzira kuumba mbiya kwa agogo ake ku Chiradzulu akali mtsikana. Atatu ankaluka majuzi, zipeŵa za makanda ndi nsalu za pathebulo, wina mikeka ya mlaza, ndipo wina ankapeka nyimbo za kwaya, zina mwa izo mumaimba mpaka lero osadziŵa mwini wake. Abambo atatisiya, tonse tinaleka. Panalibe amene anatiletsa. Koma taganizani: munthu ukamaliza chinthu, woyamba kumuonetsa amakhala ndani? Ena mwa amuna athu sankatha kusiyanitsa msoko wabwino ndi woipa. Ankangoti, "Eya, chili bwino," khutu lili ku wailesi. Komabe mau aŵiri-atatu amenewo ndiwo anali malipiro athu. Iwo atachoka, tinkati tikatenga singano n'kudzifunsa kuti tikamaliza tionetsa yani, basi n'kuibwezera m'chitini.

Kunalinso mantha. Mkazi wamasiye akaoneka akusankha nsalu yoŵala pamsika, kapena akamveka akung'ung'udza nyimbo potsuka mbale, alipo amene amati waiŵala msanga, mwina ankazifuna kale. Ndipo inu otikonda, mwa chifundo chanu, munkati, "Pumulani amayi, musadzivute." Tinapumuladi, ena chaka, ena zaka zitatu. Mwambo wathu uli nayo nthaŵi yometa, uli nayonso nthaŵi yosudzula kuti munthu akhale womasuka, koma palibe tsiku limene akulu amabwera kudzanena kuti tsopano tenganso singano yako.

Mnzathu wa makina uja anali ndi vuto lina pamwamba pa limeneli. Patangopita masiku oŵerengeka chiikire maliro, abale a bambo anabwera ndi galimoto n'kunyamula mipando, bedi, njinga ndi makinawo, ati zonse zinagulidwa ndi ndalama za m'bale wao. Makina amene iye anaŵapalasa zaka zoposa makumi aŵiri, amene ndalama zake zinaphunzitsa ana anayi! Izi zinachitika kale, ndipo makinawo sanaŵaonenso. Tikunena zimenezi kuti inu atsikana amene muli muno mudziŵe kuti lero muli napo poima. Kuyambira m'chaka cha 2011 dziko lathu lili ndi lamulo latsopano la chuma cha masiye, limene linaloŵa m'malo mwa lija la 1967. Lamuloli likuti mwamuna akamwalira osasiya wilo, katundu wa m'nyumba amatsala ndi mkazi wake, ndipo chuma chinacho chiyenera kuyamba chateteza mkazi, ana ndi ena amene ankadalira malemuyo. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu woti munthu angapite nao kundende. Posachedwapa zofananazo zitayamba kuchitikira mayi wina wachitsikana mumpingo muno, tinapita naye kwa amfumu pamodzi ndi mkulu wa mpingo, ndipo makina ake anabwerera sabata isanathe. Abambo amene muli muno, lembani wilo. Kutero si kuitana imfa ayi.

Tsono chinatidzutsa n'chiyani? Mapemphero anu anatigwiriziza, ndipo sitikuŵachepetsa. Koma tinapangana kuti lero tinene zoona, ngakhale zimveke zoseketsa. Mwa ife asanu ndi aŵiri, asanu tinadzutsidwa ndi chiŵeto: atatu galu, mmodzi mphaka, mmodzi mbuzi.

Olanda katundu aja anamusiyira mnzathu chinthu chimodzi chimene sanachione ngati chuma, ndicho galu wa bambo. Dzina lake linali Tilipo. Paja kwathu kuno dzina la galu limakhala uthenga wopita kwa anansi. Mwini akamaitana galu wake madzulo, amene akunenedwa amadzimva yekha. Bambo anamutcha dzinali pa nthaŵi ya mkangano wa malire a malo, ndipo mayi sankamukonda galuyo n'komwe, poti ankaba ndiwo ndi kukumba pa maluŵa. Katundu atapita, Tilipo anagona pamene pankakhala njinga, osadya masiku atatu. Mayinso m'nyumbamo sankadya. Amene simunaferedwe simudziŵa kuŵaŵa kwa kuphika nsima ya munthu mmodzi: mphika uliwonse umakula, mthiko umalemera, mapeto ake umangomwa tiyi n'kukagona. Tsiku lachinayi galu anayamba kukanda chitseko mbandakucha, osaleka. Akulu anati galu wamkota sakandira pachabe. Mayi anadzuka mokwiya, nasonkha moto, naphika phala la mgaiwa kuti galuyo aleke kusokosa. Poti moto unali utayaka kale ndipo phala linali litapsa, anadzipakulirako nayenso. Maŵa lake chimodzimodzi. Galu safunsa kuti mwini nyumba wadzuka ndi chisoni chotani lero. Njala ikamupweteka amakanda basi.

Madzulo alionse Tilipo ankapita kumphambano kumene ankachingamira bambo pochokera ku ntchito. Mayi, poopa kuti agundidwa ndi galimoto, anayamba kumutsatira. Njira imeneyo imadutsa pakhonde la telala wina, ndipo kwa miyezi yambiri ankangodutsa atayang'ana kumbali, chifukwa kulira kwa makina kunkamulasa mtima. Tsiku lina anaima, napempha tizigamba totsala timene telalayo ankasesera kudzala. Unali mwezi wa June, kukuzizira, ndipo chinthu choyamba chimene anasoka ndi manja chinali kansalu kogonapo galu. Msoko wake unali wokhota ngati wa mwana wa Sitandade 5, iye amene kale ankasoka madiresi a ukwati. Koma Tilipo anakazungulira katatu, nagonapo. Mayiyo akuti anamva ngati wina wanena kuti, "Eya, chili bwino."

Kenaka anatsegula sutikesi. Pogaŵana zovala za malemu, abale anatenga masuti ndi nsapato, nasiya malaya ong'ambika m'khosi ndi mabuluku otha m'maondo. Mayi anazidula m'tizidutswa tofanana, nazilumikiza ndi zigamba za chitenje, zina za nsalu zakale za ku David Whitehead, nasoka chofunda. Chinamutengera miyezi isanu ndi itatu. Mwana wake woyamba atabwera kudzacheza anachiyang'anitsitsa, naloza kachigamba kamodzi, nati, "Amayi, aŵa si malaya aja ankavala pa Khirisimasi?" Tsopano ana onse anayi ali nacho chake-chake.

Nkhani ya mphaka ndi yolemera kuposa ya galu, ndipo tikupempha kuti muimve bwino. Mnzathu woumba mbiya anatenga kamwana ka mphaka chifukwa cha makoswe amene ankaboola matumba a chimanga. Kamphakako kanasankha kugona m'phale la mtsuko wosweka limene linali kuseri kwa chitseko. Atakula, phale linachepa, ndipo mayi poona mchira ndi miyendo zikulendeŵera kunja anaseka koyamba chimwalirire bambo, nati, "Dikira ndikuumbire lako." Anapita kudambo kukakumba dongo. Analinyika, nalisinja, nachotsa timiyala ndi timizu, pakuti kamwala kamodzi kotsalira kamaswa mbiya pamoto. Anaumba, nasalaza ndi chitsononkho, naumitsa pamthunzi masiku ambiri, poti dongo louma msanga padzuŵa limang'aluka. Zala zinakumbuka zonse zimene iye ankayesa kuti anaiŵala. Lero amaumba mitsuko, imene madzi ake amazizira kuposa a m'ndowa ya pulasitiki, chifukwa dongo limatuluka thukuta, ndipo mphepo ikamaumitsa thukutalo imachotsa kutentha. Anaphunziranso kuumba mbaula za dongo zija za Chitetezo, zosatha nkhuni zambiri, ndipo zimenezo ndizo zimamugulira sopo ndi mchere.

Koma munthu wokhala yekha amalankhula ndi chimene ali nacho. Usiku mayiyu ankacheza ndi mphaka wake, kumuuza za mtengo wa feteleza ndi za ana osaimba foni. Ana a anansi anamva mau m'nyumba ya munthu wogona yekha. Mukudziŵa chimene chinatsatira. Nkhalamba, yamasiye, yosunga mphaka wakuda, yolankhula usiku: anthu sanafune umboni wina. Mwana wina atadwala malungo pafupi pomwepo, miyala inayamba kugwa padenga. Amayi, nkhani zotere sizithera pa miyala nthaŵi zonse. Mu January 2016 ku Neno anthu anayi okalamba anaphedwa poŵaganizira za ufiti, mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Lamulo la m'chaka cha 1911 linanena kale kuti kutchula munthu mfiti ndi mlandu. Koma khoti lili kutali, miyala ili pafupi. Ndipo tinene mosabisa, ngakhale lero ndi tsiku la chikondwerero: ena mwa amene ankanong'ona za mnzathuyu amavala bulauzi yoyera ngati yathuyi.

Chimene chinathetsa nkhaniyo sichinali chachikulu. Amayi anayi a Mvano anavala yunifolomu Loŵeruka masana, napita kukakhala pakhonde pake, poonekera kwa aliyense wodutsa. Anamwa madzi a mumtsuko wake. Mmodzi wa iwo, amene amaopa amphaka chibadwire, ananyamula mphakayo namuika pamiyendo, nakhala naye chomwecho mpaka dzuŵa kupendeka, uku akunjenjemera. Anabwereza Loŵeruka linalo. Miyala inaleka. Kwa amene mukuona ngati kukonda chiŵeto chotere ndi chizungu, kaŵerengeni fanizo limene mneneri Natani anauza mfumu Davide pa 2 Samueli 12. Munthu wosauka wa m'fanizolo ankalera kankhosa kamodzi m'nyumba ngati mwana wake, ndipo Davide atamva sanamuseke ayi. Anapsera mtima amene anakalanda.

Wa nyimbo uja nkhani yake ndi yaifupi. Anasiyiridwa mbuzi ziŵiri zimene sizinkabwera kukhola pokhapokha zitamva mluzu wa bambo. Iye mluzu satha, tsono anayamba kuziitana ndi kuimba. Nyimbo imene kwaya yaimba potsegulira mwambo uno inayambira kukhola la mbuzi. Mutikhululukire, Abusa.

Sitikufuna kukunamizani kuti manja anabwerera monga analili. Tinabwerera ku ntchito titakalamba. Nyamakazi imagwira zala m'miyezi yozizira, ndipo diso la singano likunka licheperachepera chaka ndi chaka. Taphunzira kusoka m'maŵa pamene kukuŵala bwino, kugwiritsa ntchito singano zazikulu, ndi kupempha adzukulu kuti atiloŵetsere ulusi m'singano zisanu nthaŵi imodzi asanapite ku sukulu. Aŵiri mwa ife maso anachita ng'ala, ndipo anakhala nthaŵi yaitali akuyesa kuti ndi ukalamba basi. Ng'ala imachotsedwa. Madokotala a maso ku Queen Elizabeth kuno ku Blantyre, ngakhalenso ku Nkhoma, amachita opaleshoni imeneyi, yosatenga nthaŵi yaitali. Mnzathu wina atamasulidwa bandeji anadandaula kuti juzi imene ankaluka ngati yabuluu inali yobiriŵira.

Phindu la ndalama nalonso n'lochepa. Kaunjika anatsitsa mtengo wa chovala chosoketsa, ndipo pulasitiki analanda malo a mbiya ndi mkeka. Koma tapeza chinthu china chimene kale tinalibe. Kale tinkasoka zimene mwini nsalu walamula, kuluka mtundu umene sukulu ikufuna, kuumba mphika umene ukuyenda malonda. Tsopano nthaŵi zina timapanga chinthu chifukwa choti tachifuna ife. Wina anaika chofiira pambali pa chachikasu pa nsalu ya pathebulo, ife tonse n'kumamuletsa, koma itatha tinangoti kukamwa yasa. Timakonda kuŵerenga za Dorika wa ku Yopa pa Machitidwe 9, ndi amasiye aja amene anaonetsa Petro zovala zimene iye anasoka. Nthaŵi zambiri pophunzitsa ndimeyi, amasiye timaikidwa mbali ya olandira. Zoona timalandira, ndipo thumba la ufa limene mumabweretsa pa Khirisimasi timalithokoza. Koma pobwera ndi ufawo mubweretsenso mpukutu wa ulusi, kapena diresi long'ambika loti tikusokereni, ndipo tikasoka mokhota mutiuze kuti apa pakhota. Kutiyamikira chinthu choipa chifukwa choti ndife amasiye kumapweteka kuposa kutidzudzula.

Popeza tayamikira ziŵeto, tinenenso za udindo wake, pakuti galu wosasamalidwa ndi ngozi kwa adzukulu athu omwe. Chiŵeŵe chikangoonetsa zizindikiro mwa munthu sichichizika. Galu ndi mphaka ayenera kulandira katemera, ndipo alangizi a ziŵeto akalengeza tsiku musanene kuti ndatopa. Tumani mdzukulu ndi chingwe. Ambiri mukukumbukira m'chaka cha 2015 pamene a Mission Rabies pamodzi ndi a boma anabaya agalu oposa 35,000 mu mzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha ogwira ntchito, ena pa masukulu, ena khomo ndi khomo. Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 alionse akalandira katemera, matendaŵa amasoŵa poyenda. Munthu akalumidwa kapena kukandidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka thamangirani ku chipatala tsiku lomwelo, osadikira kuona ngati galuyo apenga. Nkhupakupa ndi utitiri zichotsedwe, mankhwala a njoka za m'mimba aperekedwe, ndipo ngati simungathe kudyetsa tiana tobadwa chaka ndi chaka, funsani a za ziŵeto za kutseketsa kuti asabereke. Kutaya tiana ta galu m'chimbudzi kapena kumtsinje si khalidwe la mayi wa Mvano.

Ziŵetozi zimakalamba nafe, koma izo zimafulumira kutiposa. Galu wa zaka 10 ndi nkhalamba kale. Mphaka wosamalidwa bwino amatha kupitirira zaka 15. Tilipo anamera imvi kukamwa, makutu anagontha, mano anaguluka, mpaka mayi ankamufeŵetsera mkute ndi msuzi wa usipa monga amadzifeŵetsera iye mwini. Ulendo wa kumphambano unasanduka wa kuchipata chabe, aŵiriwo akudikirana. Atafa, mayi anamukulunga m'kansalu kokhota kaja, namukwirira patsinde pa mtengo wa mango. Analira, ndipo anachita manyazi ndi kulirako, chifukwa mnansi wina anati, "Mukulira galu, amayi? Ndikupatsani wina maŵa." Ife tinamumvetsa. Galuyo ndiye anali wotsala yekha pakhomopo amene ankazindikira mapazi a bambo akali kutali.

Anakhala chaka osafuna wina. Ankati, "Ndikatenga kagalu lero, ine ndidzatsogola, kadzasungidwa ndi yani?" Funso limeneli ndi la ife tonse, ndipo tinalipezera njira. M'kope limene timalembamo ndalama za ulusi, kumapeto kwake tinalemba kuti wakuti akagonekedwa m'chipatala kapena akaitanidwa, galu wake apita kwa wakuti, mphaka kwa wakuti, ndipo singano, zikombole ndi ntchito yosamaliza zipita kwa wakuti kuti akaimalize. Tinasainira tonse, osatha kulemba anadinda chala. Zitatero mnzathuyo anatenga galu wina, osati kamwana ayi, koma wamkulu kale amene eni ake anamusiya posamuka.

Ana athu, apa mpanu. Tsiku limene mudzaganize zotenga mayi anu kuti akakhale nanu ku tauni, mudzakhala mukuchita bwino, ndipo tikuthokozerani. Koma musadzanene muli kale m'galimoto kuti, "Mphakayo musiyeni, adzionera yekha," ndiponso musadzasiye thumba la zigamba poyesa kuti ndi zinyalala. Mmodzi wa amene tinayamba nao gululi anatengedwa chomwecho, napatsidwa chipinda chokongola cha matailosi ndi wailesi yakanema, wopanda chomudzutsa m'maŵa. Timalankhula naye pa foni. Amayamba wafunsa za mphaka wake asanafunse za ife. Ngati kwanuko mwini nyumba salola chiŵeto, kambiranani ndi mayi anu za amene adzachisunge, amuone munthuyo ndi maso ao, ndipo mukabwera nao kudzacheza mudzaŵapititseko.

Potuluka muno mupeza thebulo kumanzere kwa chitseko. Pali majuzi a makanda, nsalu za pathebulo, mikeka iŵiri, mitsuko ndi mbaula. Mitengo yake talemba pa timapepala, ndipo gawo la ndalamazo liloŵa m'thumba la odwala. Chofunda chimene tapachika kumbuyo kwa thebulolo si chogulitsa. Tachibwereka kwa mwana woyamba uja, ndipo akuchifuna madzulo ano. Mukhoza kuchigwira, koma muyambe mwasamba m'manja mukatha kudya. Pansi pa thebulo pali dengu lopanda kanthu: amene muli ndi zigamba, mabatani, ulusi wotsala kapena juzi yakale yoti tingaimasule, mubweretse Lamulungu likudzali. Ndipo mayi aliyense amene anaferedwa, kaya chaka chino kaya kale-kale, pakhonde paja malo alipo Lachitatu 2 koloko. Sikofunika kubwera ndi luso. Wobwera kumene amangokhala pansi n'kumagwirira anzake ulusi. Pomaliza, Amayi a Pampando, tikupepeseratu kuti mmodzi wa ife sadikira nyimbo yotsekera. Kwao n'kutali, ndipo mbuzi zija siziloŵa m'khola popanda woziimbira. Akamatuluka musacheuke.